Mowa wa chimera chochuluka sufuna phuma

FUNSO: Alamu anga anandipatsa mabotolo awiri a mowa wa ale wofululidwa ndi kakampani kakang'ono. Pabotolo analembapo kuti "barley wine", 10%. Ndinauika mufiriji usiku wonse, tsiku lotsatira madzulo n'kumwera m'botolo momwemo. Chomwe ndinamva ndi kutsekemera kolemera ndi kutentha kukhosi basi. Kodi unali wowonongeka? Botolo limodzi likadalipo. — Wowerenga wanu

YANKHO: Achimwene, sindikuganiza kuti mowawo unali ndi vuto. Wowonongeka umanunkha ngati katoni yonyowa, kapena umawawasa ngati viniga, ndipo zimenezi simunazitchule. Chinakubisirani kukoma kwake ndi kuzizira kuja ndi kukamwa kwa botolo kopanikiza.

Dzinalo lisakusokonezeni, mphesa mulibemo. Ndi mowa wa barele umene unayambira ku England, ndipo wotchuka wakale ndi No. 1 wa kampani ya Bass ku Burton upon Trent. Anautcha vinyo chifukwa ukali wake, 8% mpaka 12%, umayandikira wa vinyo. Kuti ufike pamenepo ofulula amathira chimera chochuluka kwambiri, n'kuwiritsa madzi ake nthawi yaitali. Yisiti amadya shuga wa m'chimeracho koma samumaliza. Wotsalayo ndiye kulemera kumene munamva palilime.

Botolo lachiwirilo muchite nalo chonchi. Lichotseni mufiriji lidikire theka la ola, lifike madigiri 10 mpaka 13. Mowa ukazizira kwambiri fungo silituluka. Thirani pang'onopang'ono m'tambula yagalasi yotakata mimba koma yochepa kukamwa, ifike theka chabe. Ikwezeni powala: muona kufiira koderako, kathovu kochepa pamwamba, ndipo mukaipukusa pang'ono mowa umatsika m'mbali mwa galasi mochedwa ngati mafuta.

Musamwe kaye, nunkhizani. Ine choyamba kundifika m'mphuno chimakhala khoko la buledi wongotuluka mu uvuni, kenako shuga wopserera pang'ono, ndipo pansi pake mphesa zouma. Sikuti anathiramo zinthu zimenezi ayi. Kutentha kwa poumitsa chimera ndi powiritsa kumasintha shuga ndi mapuloteni, monga anafotokozera katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, mu 1912. Kafungo ka zipatso nako n'ka yisiti wofululira mowa wa mtundu wa ale, amene amagwira ntchito pofunda kusiyana ndi wa mtundu wina uja wotchedwa lager.

Ndiyeno imwani pang'ono, muusunge m'kamwa kanthawi musanameze. Kutsekemera kumatsogola, kuwawa kwa hops, timaluwa towawa timene amathira pofulula, kumabwera pambuyo kudzadula kutsekemerako, kenako kafundidwe kamatsikira pachifuwa. Mukatha kumeza tsekani pakamwa, mupumire m'mphuno, fungo lija libweranso. Ngati wanuwo anaufulula potengera a ku America, monga Bigfoot wa kampani ya Sierra Nevada amene anayamba mu 1983, kuwawako kudzakhala kwamphamvu. Ine mtima wanga uli pa wachingerezi, poti chimera chimamveka bwino popanda chochiphimba.

Chimene ndimakonda koposa ndi mowa wotsalira pansi pa tambula, utafunda ndi dzanja kwa ola lathunthu. Umakhala wofewa, wonunkhira kuposa pamene munayamba.

Chonde dziwaninso ichi: botolo la mamililita 330 la 10% ndi chimodzimodzi mabotolo awiri a 5%, ndipo kutsekemerako kumabisa ukali. Mudye kaye, pambali pakhale madzi, chiwongolero musachigwire tsiku limenelo. Ngati n'kotheka aitaneni alamu anuwo, botololo mugawane pawiri.