Mayi, musafulumire kusiya ntchito chifukwa cha thukuta

Mayi wina wa zaka 49 wanditumizira imelo. Msambo wayamba kudumphadumpha, thupi likumawatentha mwadzidzidzi monga zimakhalira mayi akamasiya kusamba, ndipo achemwali awo akuti vuto ndi ntchito, angosiya. Akufunsa ngati amayi apantchito amavutika kuposa okhala pakhomo.

Mayi, mwandikumbutsa zanga. Ine zinandipeza ndili muofesi. Tili pamsonkhano, kutentha kumayambira pachifuwa, kukwera m'khosi mpaka kumaso, bulauzi yonse nyowe! Usiku thukuta, tulo osabwera, kukacha ndikuiwala ndi dzina la munthu amene ndakhala naye desiki limodzi kwa zaka. Bwana wanga, mnyamata wamng'ono ndithu, anandifunsa ngati ndili ndi malungo. Ndinangoti eya. Ndikanati chiyani? Ndipo chimene chimandikwiyitsa mpaka lero n'chimenechi: mayi woyembekezera aliyense amamumvetsa, koma wosiya kusamba amabisa ngati waba.

Nanga amene amati okhala pakhomo zawo zili bwino, ndani anawauza kuti pakhomo palibe ntchito? Kutenthako sikufunsa kuti mumalandira malipiro kapena ayi. Gwero lake ndi homoni yachikazi yotchedwa estrogen imene imachepa m'thupi, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo ubongo umayamba kusokonezeka poyendetsa kutentha kwa thupi. Kafukufuku wa zaumoyo wa amayi wotchedwa SWAN ku America anapeza kuti kwa amayi ambiri zimenezi zimatenga zaka zoposa 7. Ndiye musiye ntchito zaka zonsezo?

Akatswiri ena amapeza kuti amayi apantchito amadandaula pang'ono poyerekeza ndi osagwira ntchito. Ine sindithamangira kuombera m'manja, chifukwa ovutika kwambiri ena anasiya kale ntchitoyo, ndiye amawerengedwa mbali inayo.

Pamene ntchito imalowererapo

Ntchito siyambitsa kutenthaku, koma imatha kukolezera. Nkhawa, mashifiti a usiku, chipinda chopanda mpweya, yunifomu yokhuthala, bwana wosamva. Kusowa ndalama nakonso ndi nkhawa, ndipo kukhala wekha tsiku lonse kumawonjezera maganizo. Ine anzanga apantchito ndi amene ankandiseketsa masiku oipa.

Choncho pitani kaye kwa dokotala mukafunse za mankhwala a mahomoni, aone ngati akukuyenerani. Kuntchito pemphani kukhala pafupi ndi windo kapena kusintha shifiti. Ndipo mukadzatha miyezi 12 osasamba kenako n'kuona magazi, musazengereze, pitani kuchipatala.