Kawotchi ka mu browser kakunama: vuto lili pati, ndipo n'koyenera pa makompyuta a makasitomala?

Bambo wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angonia, watilembera imelo. Ali ndi kashopu kotaipa makalata ndi kupanga fotokope, ndipo muli makompyuta atatu omwe anthu amalipira pa theka la ola lililonse. Funso lawo ndi ili: "Makasitomala amakonda kudina F11 kuti tsamba lidzaze sikirini yonse, ndiye wotchi ya pansi ija imabisika, kenako timakangana pa nthawi yolipira. Ndinaika ka extension koonetsa nthawi mu Chrome pa makompyuta onse atatu. Pa yoyamba kamatsalira maola awiri ndendende. Pa yachiwiri, magetsi akazima usiku, m'mawa kamaonetsa chaka china. Pa yachitatu kamalondola, koma nthawi zina kamaima kenako n'kudumpha. Kodi ndichotse ndifune kena? Komanso mwana wanga amaphunzira pa intaneti ndi aphunzitsi a ku Lisboa, ndikufuna nthawi ya kumeneko izioneka."

Bambo, musathamangire kufuna kena. Timawotchi ta ma extension timeneti, kapena kuti timapulogalamu toonjezera mu Chrome, pafupifupi tonse tilibe nthawi yawoyawo. Timafunsa browser (pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti, monga Chrome), browser imafunsa Windows, ndipo Windows poyaka imatenga nthawi ku kawotchi ka pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta. Kawotchi ka mu Chrome kali ngati kalilole: nkhope ikakhala ndi mwaye, mungasinthe kalilole kakhumi mwayewo uonekabe. Ndiye pa makompyuta awiri oyambawo, extension ilibe mlandu.

Tiyambe ndi yotsalira maola awiri. Mozambique yonse, kuyambira ku Zumbo mpaka ku Maputo, imayendera UTC+2 chaka chonse, osasintha, kutanthauza maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi yoyezera ya dziko lonse lapansi. Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa nawonso ali pomwepo, n'chifukwa chake foni ikagwira netiweki ya ku Malawi pa Calomue kapena pa Zobue nthawi siigwedezeka. Kompyuta ikamatsalira maola awiri ndendende, mphindi zili zolondola, ndiye kuti ikudziona ngati ili ku UTC+0. Zimachitika kwambiri pa makompyuta ogula kwa wina, kapena amene woika Windows ya Chipwitikizi anangodina mopitiriza osayang'ana, n'kusiya dera la nthawi pa mzere wa Dublin, Edinburgh, Lisbon, London. Umboni wake ndi wakuti kumapeto kwa Malichi kusiyanako kumatsika kufika ola limodzi, kenako kumapeto kwa Okutobala n'kubwerera pa awiri, chifukwa ku Portugal amasuntha mawotchi kawiri pa chaka.

Kukonza kwake: dinani batani la Windows pamodzi ndi I kuti mutsegule Settings, kapena Definições ngati Windows yanu ndi ya Chipwitikizi. Pitani pa Time & language, kenako Date & time, pa Chipwitikizi Data e hora. Pa time zone sankhani mzere wolembedwa UTC+02:00 Harare, Pretoria. Maputo simupezeka pa mndandanda wa Windows, koma mzere umenewu ndi wathu womwe. Chenjerani ndi mizere ina ya UTC+02:00 monga Athens, Bucharest kapena Cairo. Lero ioneka yolondola, koma madera amenewo amasuntha mawotchi nyengo yawo yotentha ikafika, ndipo tsiku lina mudzadzuka muli patsogolo ndi ola. Mukasankha, yatsani Set time automatically, dinani Sync now, Sincronizar agora, kenako tsekani Chrome yonse n'kuitsegulanso.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amachita chomwe chimabisa vuto m'malo molichotsa: kusiya dera la nthawi pa Lisboa n'kungokankha maola ndi manja mpaka agwirizane ndi foni. Pa sikirini zioneka bwino, koma m'kati kompyuta yasokonekera ndi maola awiri. Ikangolumikizana ndi seva ya nthawi ibwerera pakale. Nthawi za misonkhano mu kalendala zidzasemphana, ndipo manambala achitetezo aja osintha pa masekondi 30 aliwonse adzakanidwa ngati akupangidwira pa kompyuta yomweyo.

Ngati wotchi ya Windows ya pansi kumanja ikulondola koma ya mu browser yokha ndiyo ikutsalira maola awiri, nkhani ndi ina. Yambani mwaona zosankha za kawotchiko, mwina mzinda unasiyidwa pa London. Kwa ogwiritsa ntchito Firefox, pali chosankha chobisika pa tsamba la about:config chotchedwa privacy.resistFingerprinting, chimene chikayatsidwa chimauza masamba onse kuti muli ku UTC. Tor Browser imachita zomwezo mwadala. Ndipo kompyuta yokhala ndi Linux ndi Windows pamodzi imasokonezanso maola awiri omwewo, koma pa wotchi ya Windows yeniyeniyo, chifukwa Linux imasunga UTC pa motherboard pamene Windows imasungapo nthawi ya m'dera.

Kompyuta yachiwiri ija yatha batire. Pa motherboard pali kabatire kozungulira, kaphwatalala, kolembedwa CR2032, ka 3 V, mamilimita 20 m'lifupi ndi 3.2 kukhuthala. Ntchito yake ndi kuyendetsa wotchi pamene kulibe magetsi. Chingwe chikakhala pakhoma ndipo magetsi alipo, ngakhale kompyuta ili yozimitsa, motherboard imalandirabe mphamvu pang'ono ndipo wotchi imayenda. N'chifukwa chake vutoli limadzionetsa magetsi akazima, kapena mukazimitsa switchi ya pakhoma potseka shopu. Chizindikiro china ndi Chrome kukana kutsegula masamba, n'kulemba kuti "Your clock is behind" kapena NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Tsamba lililonse la https lili ndi satifiketi yokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo kompyuta yodziona ngati ili zaka zambiri m'mbuyo imaiona satifiketiyo ngati sinayambe kugwira ntchito.

Kusintha kwake sikufuna katswiri ngati ili desktop. Zimitsani, zulani chingwe cha magetsi, gwirani batani loyatsira masekondi khumi kuti mphamvu yotsala ithe. Masulani chivundikiro cha m'mbali, ndipo musanagwire chilichonse m'kati khudzani kaye chitsulo cha bokosilo. Pambali pa batire pali kachitsulo kopanira. Kakankhireni kunja ndi chikhadabo, batire idumpha yokha. Musaifukule ndi sikuludiraiva, chifukwa kapulasitiki kogwirira kakathyoka ntchito yakula. Yatsopano ilowe mbali ya chizindikiro cha + ikuyang'ana kunja. Imapezeka kwa okonza mawotchi ndi mafoni, koma werengani nambala musanapereke ndalama: CR2025 ndi CR2016 n'zofanana nayo m'lifupi koma n'zopyapyala, zimagwedera m'malo mwake ndipo wotchi imangoduka apo ndi apo. Ngati muli ndi multimeter, yatsopano imawerenga pang'ono kupitirira 3 V.

Mukayatsa, lowani mu BIOS, zosankha za kompyuta zimene zimatseguka Windows isanayambe. Batani lodina ikangoyaka nthawi zambiri ndi F2 kapena Del, pa makina ambiri a HP ndi F10. Ikani tsiku ndi nthawi, sungani, tulukani. Izi n'zofunika chifukwa nthawi ikasiyana ndi miyezi kapena zaka, Windows nthawi zina imakana kudzikonza yokha mpaka mutaiyandikitsa ndi manja. Pa laputopu ndi nkhani ina: kabatireko kamakhala kokutidwa ndi pulasitiki, kali ndi timawaya tiwiri, ndipo pena kufikako n'kumasula kiyibodi yonse. Imeneyo pitani nayo kwa wokonza.

Makompyuta onse mukawakonza, tsegulani tsamba la time.is pa iliyonse. Limakuuzani kuti wotchi yanu yatsogola kapena yatsalira ndi masekondi angati.

Yachitatu ndi yokhayo imene tingaloze chala extension. Chrome imasunga batire ndi memory pochepetsa ntchito za zinthu zimene simukuziyang'ana. Kuyambira pa Chrome 88, mu 2021, tsamba likakhala kuseri kopitirira mphindi zisanu lili chete, zowerengera nthawi zake zikhoza kudzutsidwa kamodzi kokha pa mphindi. Ma extension a masiku ano nawonso sakhala maso nthawi zonse. Gawo lawo la kuseri limagonekedwa likakhala masekondi pafupifupi 30 osachita kanthu. Wolemba waluso amapangitsa kawotchi kake kufunsa nthawi yeniyeni kakangodzuka. Wolemba waulesi amangowonjezera sekondi imodzi imodzi, ndiye kakagona kamatsalira. Apa mukhoza kuyesa kena, ndipo masekondi muwazimitse, sakukuthandizani kanthu pa nkhani ya theka la ola.

Tsopano funso limene simunafunse, koma ndi lalikulu kuposa onsewa: kodi kawotchi kotere n'koyenera pa makompyuta a makasitomala? Timawotchi ta mu browser tilipo ta mitundu itatu. Kena kamakhala pa mzere wa pamwamba, pafupi ndi polemba adiresi. Kena kamalanda tsamba latsopano, kuti mukatsegula tab muziona wotchi yaikulu. Kachitatu kamajambula nthawi pamwamba pa tsamba lenilenilo, pakona. Kasitomala akadina F11, mzere wa pamwamba umabisika pamodzi ndi wa pansi, ndiye koyamba kaja kapita. Kachiwiri sikaoneka munthu akakhala pa Facebook. Kotsala ndi kachitatu, ndipo kuti kajambule pa tsamba lililonse kamafuna chilolezo cholembedwa "Read and change all your data on all websites". Tanthauzo lake ndi lomwelo: kali ndi mphamvu yoona zonse zimene munthu akulemba ndi kuwerenga, mapasiwedi ndi masamba a banki omwe. Sikuti kalikonse kopempha zimenezi n'kakuba, ayi. Koma ma extension amadzisintha okha osakufunsani, ndipo ena amagulitsidwa kwa eni atsopano. Kamene kali koyera lero simukudziwa kadzakhala m'manja mwa yani chaka chamawa. Pa kompyuta yanu nokha mukhoza kudziyezera. Pa kompyuta imene mphunzitsi, mlimi wa mbatata ya kachewere wa ku Tsangano ndi mwana wasukulu onse amalowetsapo mapasiwedi awo, ife sitingakulangizeni.

Ndipo ngakhale kameneko kali ndi malire. Sikaoneka pa masamba a Chrome mwini oyamba ndi chrome://, sikaoneka pa Chrome Web Store, kawirikawiri sikaoneka pa PDF, ndipo vidiyo ya YouTube ikadzaza sikirini kamaphimbika. Pa windo ya Incognito ma extension onse amakhala ozima pokhapokha mutawaloleza. Kasitomala wochenjera amangodina kumanja kwa mausi n'kukachotsa.

Ngati mwasankhabe kuika, tengani ku Chrome Web Store basi, kapena ku addons.mozilla.org ngati ndi Firefox, osati fayilo yochokera pa tsamba lina kapena pa flash. Onani tsiku limene kanakonzedwa komaliza, chifukwa Chrome yasiya kulandira ma extension a kalembedwe kakale ka Manifest V2 ndipo osiyidwa amazimitsidwa. Mukadina Add to Chrome, werengani kabokosi ka zilolezo musanavomere. Wotchi yopempha mbiri ya masamba amene mwatsegula, kapena kusintha injini yofufuzira, ikaneni. Mukaika, lembani chrome://extensions pa adiresi, dinani Details, Detalhes, ndipo pa Site access sankhani On specific sites, n'kulembamo masamba ochepa okha amene mukufuna wotchi izionekapo. Ya pa mzere wa pamwamba iyenera kukhomedwa: dinani kachizindikiro ka ma extension kumanja, kenako kapini. Ngati pali kompyuta ya Windows 7, dziwani kuti Chrome inaimira pa 109 kumayambiriro kwa 2023, ndiye ma extension ena atsopano akana kulowa. Pa foni, Chrome ya Android silandira ma extension, Firefox ndiyo imalandira.

Pa mkangano wa malipiro, njira yotsika mtengo ndi yakale ija. Wotchi imodzi ya pakhoma yoonekera pa mipando yonse itatu, ndi kabuku kolembamo nthawi yoyambira, monga 14:10, kasitomala akuona ndi maso ake. Amene wadina F11 muonetseni kuti batani la Windows likadinidwa mzere wa pansi umatuluka ndi wotchi yake, ndipo F11 yomweyo imabwezera windo mwakale. Muwatsegulirenso makasitomala akaunti wamba ya Windows, yopanda mphamvu za administrator. Pa akaunti yotero munthu sangabweze wotchi m'mbuyo popanda pasiwedi yanu, ngakhale dera la nthawi akhoza kulisintha, ndiye muziliyang'ana.

Za mwana wanu, Windows ili kale ndi zofunika. Mu Date & time muli Additional clocks, pomwe mungawonjezere mawotchi awiri; amaoneka mukaimika mausi pa wotchi ya pansi. Sankhani mzere wa Lisbon uja, muutche dzina loti Lisboa. Akafuna mizinda yambiri mu browser ya pa kompyuta yake, FoxClocks ndi extension yakale yodziwika pa ntchito imeneyi. Paliponse asankhe dzina la mzinda, asalembe yekha kusiyana kwa maola. Kuyambira Lamlungu lomaliza la Okutobala mpaka Lamlungu lomaliza la Malichi, Tete amakhala patsogolo pa Lisboa ndi maola awiri. Miyezi yotsalayo ndi ola limodzi. Phunziro la 18:00 ku Lisboa limakhala la 20:00 ku Ulongwe mu Januwale, koma la 19:00 mu Juni, ndipo sabata yosinthirayo aziyamba wayang'ana wotchi yachiwiriyo asanalowe m'kalasi.