Yankho kwa achimwene a ku Senga Bay pa za ma LED oyezera batire ya 12V

Achimwene, mwafunsa kuti mungapange bwanji kachida ka ma LED atatu koti kazikuuzani ngati batire yanu yoyatsira magetsi ophera usipa yadzaza kapena ikutha, ndipo mwaikapo chojambula cha ma zener atatu (timadiode tomwe timayamba kudutsitsa magetsi voteji ikafika pa mlingo wake). Kachidako n'kotheka ndipo sikadya ndalama zambiri, koma njira ya zener tikupempha muisiye.

Batire ya asidi, kaya ya galimoto kaya ya sola, ikadzaza n'kupuma imawerenga 12.6V mpaka 12.7V. Ikafika theka imakhala pafupifupi pa 12.2V, ndipo pofika 11.9V mphamvu imakhala yatsala yochepa zedi. Ndiye kuti mpata wonse womwe mukufuna kuyeza sufika ndi 1V yomwe. Zener wamba amaphonya ndi 5 peresenti, pa zener ya 10V imeneyo ndi 0.5V, komanso sayatsa LED mwadzidzidzi, imangowala pang'onopang'ono osadziwika malire ake. Kachida kotere kangakuonetseni yobiriwira batire ili pa theka, inu n'kulowa nayo m'nyanja, magetsi n'kufooka usipa utangoyamba kusonkhana.

Gwiritsani ntchito TL431. N'kakang'ono ka miyendo itatu, kooneka ngati transistor yakuda. Kamapezeka m'ma power supply a kompyuta akufa ndi m'matchaja ambiri a laputopu, choncho okonza mawailesi ndi mafoni a pa Kamuzu Road angakuzulireni, apo ayi m'mashopu a zida za wailesi ku Lilongwe. Mwendo wake wa REF ukangopitirira 2.5V kamatsegula njira, magetsi n'kudutsa kuchoka ku cathode kupita ku anode. Ntchito yathu ndi yochepetsa 12V ija ndi ma resistor kuti 2.5V ikwane pa nthawi yomwe ifeyo tikufuna.

Pa LED iliyonse mufunika TL431 imodzi, resistor ya 33k, ya 10k, ziwiri za 1k, ndi trimmer (resistor yotchunika ndi kasikuluwu) ya 10k, makamaka yabuluu ija yolembedwa 3296 yomwe imazungulira kambirimbiri. Zonsezi katatu, pa LED yobiriwira, yachikasu ndi yofiira. Onjezerani kabatani kodina kamodzi, fyuzi ya 1A ndi chogwirira chake, kabolodi ka timabowo, ndi waya wofiira ndi wakuda.

Gwirani TL431 mbali yafulati yolembedwa itayang'ana kwa inu, miyendo pansi. Kumanzere ndi REF, pakati anode, kumanja cathode. Izi ndi za mtundu wa miyendo itaitali. Tating'onoting'ono tomata pamwamba pa bolodi miyendo yake imasiyanasiyana, musavutike nato.

Kulumikiza kwake ndi kotere. Kuchoka pa plus ya batire, fyuzi, kenako batani, ndipo waya wotuluka pa batani ndiye plus ya bolodi lonse. Pa plus imeneyi ikani 33k, ilumikizane ndi trimmer (mwendo wapakati muuphatikize ndi umodzi wam'mbali), trimmer ipite pa REF, ndipo 10k ichoke pa REF kupita ku minus. Anode ipite ku minus. Kenako kuchoka pa plus, 1k ipite ku mwendo wautali wa LED, mwendo waufupi upite ku cathode. 1k yachiwiri iikeni pakati pa miyendo iwiri ya LED yomweyo.

1k yachiwiriyi ambiri amaidumpha poona ngati ilibe ntchito, kenako amadabwa LED ikuwala pang'ono ngakhale batire itatsika. TL431 imakoka timagetsi pang'ono ingakhale isanatsegule, ndipo ma LED a masiku ano amawala ndi tochepa totere, makamaka usiku pa nyanja pomwe maso amaona kalikonse. 1k ija imalambalalitsa timagetsi timeneti, LED n'kuzimiratu.

Ndi 33k, trimmer ndi 10k, malire oyakira LED mungawasunthe kuyambira pafupifupi 10.8V mpaka 13.3V. Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo popanda multimeter, chida choyezera voteji, musayambe n'komwe. TL431 nayo imaphonya ndi 1 kapena 2 peresenti, ma resistor nawonso amaphonya, koma zonsezo trimmer imazikonza mukatchuna bwino. Pezani kamojulo kotsitsa voteji ka LM2596 kokhala ndi potchunira, mukapatse magetsi a tchaja cha laputopu cha 19V. Tchunani mpaka multimeter iwerenge 12.5V, lumikizani bolodi lanu, dinani batani, yang'ananinso multimeter, ndiyeno zungulizani trimmer ya yobiriwira mpaka ingoyamba kuyaka. Tsitsani pa 12.2V, chitani chimodzimodzi ndi yachikasu, kenako 11.9V pa yofiira. Bwerezani mokweza ndi motsitsa kuti mutsimikize, mukatero donthezani polishi wa zikhadabo pa kasikuluwu ka trimmer kuti kasasunthe ndi kugwedezeka kwa bwato.

Tanena 12.5V osati 12.7V chifukwa batire yomwe yagwira ntchito kanthawi nthawi zambiri sifikanso 12.7V ikapuma, ndipo yobiriwira mwina simungaionenso.

Zitatu zonse zikayaka, batire ili bwino. Yachikasu ndi yofiira zokha, ikadali pamwamba pa theka. Yofiira yokha, kaitchajeni musanapite nayo kulikonse. Zonse zikazima, yang'anani kaye fyuzi, ikakhala ili bwino ndiye kuti batire yatsika kupyola muyeso.

Komabe manambala onsewa ndi a batire yopuma. Mukangoichotsa pa sola kapena pa tchaja imaonetsa 13V kapena kuposa, ngakhale isanadzaze, ndiye zitatu zonse zidzayaka n'kukunamizani. Isiyeni ola limodzi kapena awiri isanalumikizidwe ku chilichonse, kapena yatsani magetsi anu kwa mphindi zingapo, zimitsani, dikirani pang'ono, kenako dinani. Magetsi akamayaka voteji imatsika, choncho yobiriwira ikazima pakati pa ntchito musade nkhawa. Koma yofiira ikazima magetsi ali chiyakire, batire ikulowa m'dera loiwononga. Ndipo batire yomwe imayatsa zitatu zonse ikapuma, koma n'kugwera pa yofiira mukangoyatsa magetsi, imeneyo yakalamba, imadzaza msanga chifukwa malo osunga mphamvu achepa.

Batani lija musalichotse. Ma LED atatu pamodzi amadya pafupifupi 26mA, pa tsiku imeneyo ndi 0.6Ah. Pa batire ya 100Ah sizioneka msanga, koma pa ya 7Ah sabata imodzi yokha mphamvu yoposa theka yapita. Waya wa kachidaka mangani pa mitu ya batire penipeni, osati kumapeto kwa waya wa magetsi, chifukwa waya wautali ndi wowonda amadya voteji panjira. Fyuzi ikhale pafupi ndi mutu wa plus, batire ya asidi ikashota imasungunula waya m'kanthawi kochepa. Ngati mukufuna kuika diode ya 1N4007 yoteteza wina akatembenuza mawaya, dziwani kuti imadya 0.6V mpaka 0.7V, ndiye tchunani itaikidwa kale.

Chinyezi cha kunyanja chimadya mkuwa wa pabolodi, ndipo madzi akagwera pa REF manambala amasokonekera chifukwa ma resistor a pamenepo ndi akuluakulu. Mukatchuna, pakani vanishi kunsi kwa bolodi, liikeni m'kabokosi ka pulasitiki kotseka, mabowo a ma LED ndi a waya mumate ndi silikoni. Lisakhale pamwamba pa zivindikiro za batire, mpweya wa asidi umadya miyendo ya zida.

Chomwe chimapha mabatire ambiri kuno ndi kuwasiya osatchaja mukabwerako m'mawa. Batire yotsika ikagona masiku angapo, sulphate imauma pa mapuleti ake ndipo mphamvu yotayikayo sibwereranso yonse, ndiye kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumafulumizitsa zimenezi. Yachikasu ikazima itchajeni tsiku lomwelo, ndipo ngati ndi yotsegula, onani madzi ake, muziwonjezera distilled water yokha, osati asidi kapena madzi a pamjigo.

Zonsezi ndi za batire ya asidi. Ngati yanu ndi ya lithium yolembedwa LiFePO4, voteji yake imakhala pakati pa 13.0V ndi 13.3V kwa nthawi yaitali n'kugwa kamodzinkamodzi kumapeto, choncho malire tatchulawa sangakuthandizeni. Tiuzeni zomwe zalembedwa pambali pa batire yanu musanagule zida.