Mayi amene anaona HIV koyamba

Funso: Akonzi, kusukulu ya unamwino timangomva dzina la Luc Montagnier pa nkhani ya kutulukira HIV. Nanga Françoise Barré-Sinoussi anachitapo chiyani? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Mwafunsa bwino, chifukwa mayiyu ndiye anali pa ntchito ya m'labotale. Mu Januwale 1983, gulu la a Montagnier ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris linalandira kachidutswa ka mwanabere wotupa wa m'khosi mwa wodwala wina. Anasunga maselo oyera a m'kachidutswako kuti aziswana, ndipo pakapita masiku angapo mayi Barré-Sinoussi ankayeza madzi omwe maselowo ankasungidwamo kufunafuna chizindikiro cha kachilombo, reverse transcriptase, chomwe tizilombo ta mtundu wa retrovirus, monga HIV, timagwiritsa ntchito posandutsa RNA kukhala DNA.

Chizindikirocho chinaoneka, kenako chinayamba kuchepa. Apa mpomwe panagona nkhani: maselo ankafa chifukwa kachilombo komweko kankawapha. Akadazengereza, zonse zikadatayika. Anathiramo maselo atsopano ochokera m'magazi a munthu wopereka magazi, chizindikiro chija n'kubwerera. Zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya Science mu Meyi 1983, dzina la mayi Barré-Sinoussi lili patsogolo pa olemba. Kachilomboko anakatcha LAV (Lymphadenopathy-Associated Virus, kutanthauza kachilombo kokhudzana ndi kutupa kwa mwanabere); dzina loti HIV linabwera mu 1986.

Mu 2008 mayi Barré-Sinoussi analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi a Montagnier. Anafufuzanso za momwe kachilomboka kamapatsirana kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana, nkhani yomwe anamwino a kusikelo kuno kwathu amakumana nayo tsiku lililonse, ndipo anatsogolera bungwe la akatswiri a Edzi padziko lonse la International AIDS Society kuyambira 2012 mpaka 2014.