Usanatseke data, msuweni wanga

Msuweni, wadzuka bwanji ku Joni kumeneko? Uthenga wako ndauona m'gulu lathu lino usiku wathawu, ndipo ndaona kuti onse angowerenga osayankha, kupatula mlongo wako amene waika kachithunzi ka manja opemphera. Ndiye ndati ndikuyankhe ndine, ndiponso ndi mawu, chifukwa kulemba zonsezi ndi chala chimodzi kunganditengere m'mawa wonse. Wafunsa kuti ukatseka data kwa masabata awiri, osalowa pa WhatsApp kapena pa Facebook, kodi mauthenga amene anthu angakutumizire adzatayika, ndiponso kodi akaunti yako idzatsekedwa.

Uthenga umene sunafike pafoni ya mwini wake WhatsApp imausunga kwa masiku 30, ndipo akaunti imafufutidwa munthu akatha masiku pafupifupi 120 osalumikiza, choncho masabata awiri si kanthu. Koma amuna anga inu, si iwe yemwe unandiikira WhatsApp m'foni yanga yoyamba ija, nkumandiseka kuti ndikugwira foni ngati mtanda wa nsima? Zimenezi ukuzidziwa kuposa ine. Munthu amene amathandiza anzake mafoni akavuta sangadzuke pakati pa usiku kudzafunsa gulu la anthu okalamba za masiku 30. Ndinakubereka kumsana uli ndi chimfine, ndipo ndimadziwa mmene umayankhulira ukakhala ndi nkhani imene ukuopa kuitchula.

Dikira pang'ono, ndichepetse moto pambaulapa. Eya, ndabwera.

Ndikufuna ndikuuze za amalume anga aakulu, amene kwa iwe ndi bambo aakulu. Iwe unawadziwa atakalamba, ali ndi chipewa chawo chija chimene sankachivula ngakhale padzuwa la Okutobala, koma nkhani ya ulendo wawo wa ku Wenela, wokagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, sindikukhulupirira kuti unaimva yonse, chifukwa pakhomo paja siinkakambidwa agogo ali pafupi. Ananyamuka mu 1972, ali mnyamata wosakwatira. Nthawi imeneyo anthu a Wenela ankakwera ndege ku Chileka mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kuchokera kumeneko ankapitiriza pa sitima yapamtunda kulowera kumigodi. Gawo lina la malipiro awo linkasungidwa kuti adzalandire akabwerera kuno, kotero ndalama imene munthu ankagwira m'manja kumeneko siinali yochuluka monga mmene a kumudzi ankaganizira.

Agogo sankadziwa kulemba. Akafuna kutumiza kalata ankapita kwa aphunzitsi a pasukulu ija ya kuseri kwa tchalitchi, atanyamula mazira awiri kapena mtedza m'kansalu, ndipo aphunzitsiwo ankalemba zimene agogo anena. Vuto linali lakuti mbiri ikamveka kuti kalata ikulembedwa, aliyense ankabwera ndi lake. Wina akuti mumuuze za msonkho, wina akuti fizi ya bambo ako amene anali ku pulayimale, wina akuti bulangete, ndipo agogo aamuna aang'ono aja, ukuwadziwa, ankafuna jekete la ku Joni mpaka tsiku limene anamwalira. Mawu a agogo eni ake, oti mwana wanga ukudya bwino kodi, ankakhala mzere umodzi pamwamba, ndipo masamba awiri otsatirawo ankakhala a anthu ena.

Kumayambiriro kwa 1974 amalume analemba kuti kontrakiti yawo ikutha ndipo abwera mwezi wa Epulo. Agogo anazira nyumba, anasunga tambala. Ndiye pa 4 Epulo chaka chimenecho ndege ya Wenela imene inanyamula anthu obwerera kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 anafera pomwepo. Ngozi imeneyi ndi imene inachititsa Kamuzu kuimitsa ulendo wa anthu opita kumigodi. Uthenga unamveka pa wailesi, ndipo amayi anga amati tsiku limenelo agogo anali pamtondo, anangosiya munsi nkukhala pansi pomwepo, mphale ili mumtondo nkhuku nkumajompha.

Amalume sanali m'ndegemo, koma palibe amene ankadziwa. Dzina lawo silinamveke pakati pa omwalira, komanso iwo sanafike, ndipo kalata siinabwere. Epulo anatha, Meyi anatha, anthu anakolola. Akuluakulu ena anayamba kunena kuti mwina mayina anasokonekera, ndi bwino aike thunthu la nthochi m'manda kuti mtima wa mayi ukhale pansi. Agogo anakana. Tsiku lililonse basi yochokera ku Blantyre ikayandikira nthawi yake, ankapita kukakhala pamwala uja wa pamphambano, womwe iwe unagwerapo ndi njinga ya eni ake, ndipo ankabwerera basi itadutsa. Anaonda mpaka chitenje chinkazungulira kawiri.

Anabwera mu 1975. Ayi, ndalakwitsa, chinali chaka chomwecho cha 1974, chifukwa amayi amati mvula yoyamba inali itangogwa ndipo anthu anali kumunda kubzala. Inde, Novembala. Anatsika basi ali ndi sutukesi, wailesi ndi bulangete ziwiri, ali wathanzi ndithu, wonenepa kuposa mmene anapitira. Agogo sanathamange, sanalulutire. Anangowagwira kumaso ndi manja onse awiri kwa nthawi yaitali, kenako analowa m'nyumba nkutseka chitseko.

Ine ndinadzawafunsa amalume zaka zambiri zitadutsa, tili pakhonde tikusenda mtedza, chaka chija cha mkangano wa malata. Anandiuza kuti kontrakiti itatha sanakwere sitima. Anatsagana ndi mnzawo wa ku Mozambique kukagwira ntchito pafamu ina, ndipo sanapereke adiresi kwa wina aliyense. Anati anali atatopa, ndipo sikunali kutopa ndi mgodi ayi, kunali kutopa ndi makalata. Envulopu ikafika ku komboni mtima unkawagunda asanaitsegule, chifukwa ankadziwa kuti m'katimo muli ngongole imene sanakongole. Ankafuna miyezi yochepa yoti akhale munthu wopanda womupempha. Za ndegeyo anazimva mochedwa, ndipo atazimva anachita manyazi kulemba, manyaziwo nkumakula mwezi ndi mwezi. Anandiuzanso kuti miyezi ya pafamuyo inawachiritsa, anagona tulo kwa nthawi yoyamba, ndipo sankadandaula kuti anapuma. Chimene chinkawalasa mpaka ukalamba wawo chinali chakuti sitampa imodzi ikanakwanira. Ananena zimenezi akuyang'ana m'lichero, ndipo manja awo anali atasiya kusenda.

Nchifukwa chake agogo ankatiwerenga madzulo aliwonse ngati mbuzi zolowa m'khola, ukukumbukira? Ife tinkaseka, osadziwa kumene zinachokera.

Tsopano ndibwere kwa iwe. Ndapita m'mwamba m'gulu lino kuwerenga zimene zalembedwa mwezi uno, ndipo dzina lako latchulidwa pa chipepeso cha maliro awiri, pa feteleza, pa fizi ya teremu ino ndi pa nkhani ya chitsime ija. Chichokereni Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, aliyense pano amawerengera marandi ako m'mutu mwake, ndipo ine ndemwe ndili m'gulu la owerengerawo, sindingakane. Sitifunsa kuti lendi kumeneko ndi zingati, kapena kuti wagwira masiku angati sabata ino. Ukatuluka m'gulu lathu ulowe pa Facebook, ukupeza anzako a kusekondale akuonetsa nyumba zimene akufolera, kenako mavidiyo a ngozi ndi a anthu akuthamangitsidwa m'misewu, zonsezo uli chogona m'chipinda chimene mumagawana anthu atatu. Ndikuona nthawi imene umakhala pa intaneti, msuweni. Wina aliyense akagona, iwe umakhala ulipo.

Ndiye chimene wafunsa, monga ndachimvera ine, ndi chakuti ukakhala chete masabata awiri, kodi tidzati wayamba kunyada, kodi tidzati wathawa udindo, kodi amayi ako adzakhumudwa. Yankho langa ndi lakuti pita ukapume, palibe mlandu, koma utsazike. Usachoke ngati mmene anachokera bambo ako aakulu.

Ndikunena izi chifukwa cha 31 Ogasiti 2023, tsiku limene nyumba ya Usindiso inapsa ku Marshalltown, pakati pa Johannesburg, nkupha anthu oposa 70, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Iwe unali kuntchito, foni itatha moto. Kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana uthenga uliwonse umene tinakutumizira unkangoonetsa kachizindikiro kamodzi kotuwa. Ine ndinali ndi amayi ako tsiku limenelo. Foni anaiika pamwendo, ndipo mphindi zingapo zilizonse ankandipatsa kuti ndione ngati zizindikirozo zakhala ziwiri. Sanamwe ngakhale madzi. Amenewo anali maola ochepa chabe, ndipo iwe sunalakwe kanthu. Tangoganiza masabata awiri a kachizindikiro kamodzi, popanda mawu otsogola.

Kupumako ndikukudziwa, chifukwa ndinakuchita chaka chatha nthawi ya Lenti, kwa masiku 10. Sindinatseke chilichonse. Ndinangochotsa simu nkuiika m'kafoni ka mabatani, foni yaikuluyo ndinaizimitsa nkuitsekera mu sutukesi ya zovala za kutchalitchi. Masiku atatu oyamba anali ovuta. Ndikadzuka mbandakucha dzanja linkapita lokha pansi pa pilo, nkupeza palibe, ndipo mtima unkachita ngati ndaiwala mwana kumsika. Ndinkaganiza kuti kwinakwake kukuchitika zinthu zimene ndiyenera kuzidziwa. Tsiku lachinayi ndinagona nthawi ya 9 koloko, nkudzuka kutayera, mutu uli wopepuka. Ndinamaliza kusoka diresi imene inakhala miyezi isanu pamakina. Nditabwerera ndinapeza mauthenga mazanamazana, ndipo ofunika kwenikweni anali awiri, omwe eni ake anali atandiimbira kale pa kafoni kaja. Ndalama sizinavute, chifukwa Airtel Money ndi Mpamba zimayenda popanda data, umangoimba manambala aja. Kwa iwe za Mukuru uzione wekha mmene ungachitire, kapena utumiziretu zimene unalonjeza, ndipo zimene sunalonjeze zidikire.

Ayi, pamenepa ndibwerere, ndisakuike pa ngongole ina. Sindikunena kuti uyambe walipira kenako upume, ngati kuti kupuma nkogula. Ngati mwezi uno ulibe, ulibe, ndipo unene choncho. Za feteleza tikambirana ife amene tili kuno, ndipo ine ndiyankhula ndi achimwene ako aakulu, chifukwa nawonso ali pantchito ngakhale amakonda kukhala chete nkhani zotere zikayamba. Inde achimwene, ndikudziwa kuti mukumvetsera, ndipo madzulo ndikuimbirani.

Mwina uganiza zongoika gulu lino pa mute kwa sabata imodzi. Kwa anthu ena zimathandiza, koma iwe ndikukudziwa, uzidzasuzumira ngati mwana amene wauzidwa kuti asatsegule mphika. Kanambala kofiira ka mauthenga kakangooneka, chala chako chidzapita chokha. Ngati watsimikiza, tseka data yonse, kapena uchotse Facebook m'fonimo kwa masiku amenewo, akaunti siipita kulikonse. Koma simu ikhale yoyaka. Nambala yako ya ku Joni ilipo kwa ine ndi kwa mlongo wako, ndipo tigwirizane kuti pa matenda aakulu kapena maliro mmodzi wa ife adzakuimbira mwachindunji, ndipo pa china chilichonse sitidzakuimbira. Amayi ako uwaimbire wekha Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, ngakhale mphindi ziwiri, amve mawu ako. Iwo za Facebook alibe nazo ntchito, amangofuna kudziwa kuti ukupuma mpweya.

Ndiye ndabwereza, msuweni, kuti undimve bwino: kuchoka pa intaneti masabata awiri palibe amene angakuimbe nako mlandu, ndipo amene anganene kuti wanyada adzayankhana ndi ine. Chokhacho, utiuze tsiku lochoka ndi tsiku lobwerera, ulembe muno momveka, mizere iwiri basi. Sukuyenera kufotokoza chifukwa. Tsikulo likakwana koma ukuona kuti sunakhute kupuma, tumiza uthenga wamba kwa ine wonena kuti wawonjezera sabata, ine ndidzauza gulu. Amalume miyezi yawo ija inawachiritsa, ndipo ikanachiritsanso agogo akanangodziwa kuti mwana wawo ali pafamu akugona tulo.

Inu nonse amene muli muno, azakhali ndi ana nomwe, mwamva. Iyeyu akalemba masiku ake, tisamutumizire anthu ena kuti akamufufuze, ndipo tisamusungire mulu wa zopempha woti adzaupeze pobwera. Zimene zingadikire zidikire, zimene sizingadikire mubwere nazo kwa ine.

Mbaula yanga yazima, ndiye ndilekere pano. Upume, amuna anga, koma utsazike kaye. Ndiimbire usikuuno ukaweruka, usanatseke, ndili ndi mawu ena amene si a m'gulu.