"Amene wapambana mwana wanga akuoneka ngati mnyamata"

Kalata yafika Lachiwiri usiku kuchokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali. Mwana wawo wa Fomu 2 wakhala wachiwiri pa mamita 800, ndipo womupambanayo akuti ndi "wamapewa achimuna, mawu abesi". Akufunsa ngati angakadandaule kuti akamuyeze mahomoni otchedwa testosterone, poti anamva kuti kunjaku amatero.

Amayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu mpaka tiyi kuzizira. Mwalankhula ndendende ngati azakhali anga.

Inetu ndinkathamanga. Ndili Sitandade 8 ndinali ndisanagonjepo mu zoni yathu, ndipo ndinkayenda mapewa m'mwamba. Bwalo linali lafumbi, mizere yothira phulusa, tonse opanda nsapato, diresi la yunifolomu titalipisira m'kabudula. Tsiku limenelo kunabwera mtsikana wa sukulu ina ya m'munsi mwa phiri, wometa mpala, wosalankhulalankhula. Wezulo italira ndinangoona zidendene zake. Pomwe ndinkakhota komaliza n'kuti iye atakhala kale pansi akuzula minga kuphazi.

Azakhali anali pambali ndi beseni la zitumbuwa. Ndiwo anayamba: "Ameneyo si mkazi! Atiberatu!" Kanthawi kochepa bwalo lonse linali litagwirizana nazo. Aphunzitsi awiri aakazi anamugwira pamkono n'kulowa naye m'kalasi, chitseko gwa, ana ali piringupiringu pamawindo. Atatuluka anangoti, "Ndi mtsikana," anthu n'kuseka ngati panali sewero. Anamupatsa mphoto yake, makope awiri ndi mbale ya pulasitiki, koma kumpikisano wa boma sanabwere. Ndinapita ndine m'malo mwake, ndipo ndisaname, ndinasangalala.

Patapita zaka ndinakumana naye pa msewu wotsika kuchokera ku Ku Chawe, atasenza mtolo wa nkhuni wotalika kuposa iye mwini, mwana kumsana, akutsika chothamanga monga amachitira amayi a nkhuni. Anayamba ndi iye kupereka moni: "Mwaswera bwanji achemwali?" Pakamwa panga panauma. Mapewa tinkawanena aja anamangidwa ndi phiri lomweli.

Musandimve ngati ndikuti testosterone ilibe ntchito. Ili nayo, yaikulu. Ndi imodzi mwa mahomoni amene tonse tili nawo, koma mnyamata akatha msinkhu imachuluka kwambiri n'kumukulitsa minofu ndi mafupa, n'kuonjezera mphamvu ya magazi yonyamula mpweya. Akazi ambiri sapitirira 2 nmol (muyeso wa kuchuluka kwake) pa lita imodzi ya magazi, pomwe amuna ambiri amayambira cha pa 8 mpaka kuyandikira 30. N'chifukwa chake pali mpikisano wa akazi paokha. Pa mamita 800, David Rudisha wa ku Kenya anathamanga 1:40.91 mu 2012, pomwe mkazi wothamanga kuposa onse, Jarmila Kratochvílová, anachita 1:53.28 mu 1983. Mukawasakaniza, mkazi sadzaonanso mendulo.

Vuto lili pa akazi obadwa ndi thupi losiyanako, amene azamba anati "ndi wamkazi", analeredwa ngati atsikana, koma thupi lawo limapanga testosterone yambiri mwachibadwa, osabaya jakisoni kapena kumwa kanthu. Caster Semenya wa ku South Africa anapambana mamita 800 pa mpikisano wa dziko lonse ku Berlin mu 2009 ali ndi zaka 18, ndipo dziko lonse linayamba kukambirana za m'kati mwa zovala zake. Pa Olimpiki ya ku Rio mu 2016 golide anatenga iyeyo, siliva Francine Niyonsaba wa ku Burundi, wachitatu Margaret Wambui wa ku Kenya. Onse atatu linadzawakhudza lamulo lakuti atsitse testosterone yawo ndi mankhwala kuti aziloledwa kupikisana ndi akazi anzawo. Amene anatsalira m'mbuyo tsiku limenelo ndimawamvetsa, kukhala wachiwiri ndimakudziwa kuwawa kwake.

Koma taonani mmene chingwe chakhalira chikusunthira. Mu 2011 malire a testosterone pa mipikisano ya akazi anali 10 nmol. Dutee Chand wa ku India atakasuma, khoti la zamasewera linaimitsa lamulolo mu 2015 ponena kuti umboni ndi wosakwanira. Mu 2018 akuluakulu a zothamanga anabwera ndi 5, koma pa mitunda yoyambira mamita 400 mpaka mailo imodzi yokha, komwe Semenya ankathamanga. Ndiye mu 2021 Christine Mboma wa ku Namibia anamuletsa mamita 400, n'kupita kukatenga siliva pa mamita 200 pa Olimpiki ya ku Tokyo. Munthu yemweyo, sabata yomweyo, wololedwa pa mtunda uwu, woletsedwa pa uwo! Mu 2023 World Athletics, bungwe loyendetsa zothamanga padziko lonse, inatsitsa kufika 2.5 pa mipikisano yonse, ndipo kuyambira Seputembala 2025 anaonjezera kuyeza jini yotchedwa SRY, imene kawirikawiri imapezeka mwa amuna. Pamene ndinayamba kulemba ndimati ndikhala pakatikati, koma ayi, zandikanika. Kuuza munthu wosadwala kuti azimwa mankhwala kuti liwiro lake lichepe, mtima wanga ukukana. Semenya anawamwapo mapiritsi olera kwa zaka, ndipo ananena yekha kuti ankamudwalitsa. Ndipo ndi mphamvu zonse zimene amamunenerazo, 1:53.28 ija sanaifikepo, anathera pa 1:54.25.

Chimandinyansanso n'choti timasankha mphatso zoti tizidandaule. Wamtali pa netibo timamuombera m'manja. Wobadwira kumapiri a ku Kenya, mapapo ake ozolowera mpweya wochepa, timati ndi dalitso. Ndipo chilungamo chimene timachifunachi, pa bwalo lathu chinayamba chakhalapo liti? Wina wabwera ndi nsapato zamisomali zochokera ku Joni, mnzake wadzuka ndi chinangwa chozizira n'kuyenda wapansi kuchokera ku Songani. Palibe amene amaimitsa mpikisano pa zimenezo.

Zoti izi n'zakunja kokha, ayi. Tabitha Chawinga, kaputeni wa Scorchers, anauza atolankhani mu 2021 kuti ali wamng'ono anavulidwapo pa masewero kuno kwathu kuti atsimikize kuti ndi mkazi. Lero tonse timati "mwana wathu". Akanachita ngati mtsikana wa nkhuni uja, bwenzi tikunyadira ndani? Barbra Banda wa ku Zambia naye anakhala panja pa mpikisano wa mpira wa akazi wa Africa wa 2022 pa nkhani yomweyi.

Ndiye mutani, amayi?

Musakadandaule. Testosterone sioneka ndi maso, imafuna magazi ndi labu, ndipo malamulo ndatchulawa anapangira akatswiri a mipikisano ikuluikulu, osati ana a Fomu 2. Pabwalo la sukulu "kuyeza" kumathera m'kalasi muja, chitseko chotseka. Ngati mukukayika zaka zake, poti zonamiza zaka zilipodi, funsani mphunzitsi wa zamasewera pambali, osati pagulu. Mwana wanuyo mufunseni anachita mphindi zingati, mulembe, aziyesa kuiphwanya nthawi imeneyo. Mtunda wochokera mtauni kukwera ku damu la Mulunguzi ndi waulere.

Azakhali, mwa njira, akadali moyo, ali ku Matawale. Ndinawakumbutsa nkhaniyi chaka chatha tikusenda nandolo pakhonde. Anaganiza kanthawi, n'kunena kuti sakukumbuka mtsikana aliyense, chimene akukumbuka n'choti tsiku limenelo zitumbuwa zinatha isanakwane 12 koloko.