Galimoto yochokera ku Dar es Salaam

Achimwene, mwafunsa zoti muchenjere nazo popatsa kampani galimoto yanu kuti ibwere nayo kuchokera ku Dar es Salaam. Musalipiretu ndalama zonse. Zotsalazo mudzapereke galimoto itafika.

Munthu wanu amene ali ku Dar es Salaam aijambule isananyamuke: mbali zonse, makilomita, tayala la sipeya, jeke, batire, ngakhale wailesi. Izi ndi zomwe zimakonda kusowa panjira, ndipo popanda chithunzi mudzangokangana nawo pachabe. Funsaninso ngati aikweza pathiraki kapena dalaivala aiyendetsa kudzera ku Mbeya. Kuyendetsa n'kotchipa, koma madalaivala ena amanyamula matola. Za inshuwalansi zikhale zolembedwa, osati zapakamwa.

Nambala ya chassis (yodindidwa pachitsulo cha galimotoyo) ifanane ndi ya pamapepala, apo ayi mukachedwa nayo kwa a MRA, otolera misonkho, pachipata cha Songwe.